NKHONYA ZA M'KATI ZA KU CHINA: MAZIKO AKE NDI KAPHUNZIRIDWE KAKE

Mlendo wofika mu mzinda wa Beijing kapena wa Shanghai, akalawira mbandakucha napita ku mabwalo amene anthu amapumulirako, amapeza chinthu chomudabwitsa. Nkhalamba zambiri, amuna ndi akazi omwe, zaima m'mizere pansi pa mitengo, ndipo zilikukweza manja pang'onopang'ono, kutembenuza chiuno, kuponda phazi limodzi kutsogolo ndi kukokera linzake pambuyo pake, monga anthu owoloka mtsinje umene madzi ake afika m'chifuwa. Palibe wofuula, palibe wothamanga. Mlendoyo akafunsa dzina la gule ameneyu, eni ake amamuyankha kuti si gule ayi, koma nkhonya. Yankho lotere ndi lovuta kulilandira kwa munthu amene anazolowera kung fu ya m'makanema, momwe anyamata amalumpha madenga ndi kuswa njerwa ndi zibakera. Komatu eni akewo sanama. Chimene mlendoyo waona chimatchedwa taijiquan, kapena tai chi monga amalembera Azungu, ndipo ndi limodzi la maluso atatu omenyera amene anthu a ku China amawatcha neijia, ndiko kunena kuti banja la m'kati. Awiri enawo ndiwo xingyiquan ndi baguazhang. Funso loyenera kulifufuza ndi ili: kodi kufatsa ndi kufewa kungamuthandize bwanji munthu pa ndewu, ndipo nanga mwa zonse zimene zimanenedwa za maluso amenewa, zoona ndi ziti?

Kumene dzinali linachokera

Mawu akuti neijia amapezeka koyamba m'chaka cha 1669, m'mawu a chikumbutso amene munthu wophunzira kwambiri, Huang Zongxi, analembera manda a katswiri wina wa nkhonya, dzina lake Wang Zhengnan. M'menemo Huang anasiyanitsa maluso awiri. La kunja anati ndi la amonke a Chibuda a ku Shaolin, ndipo limayamba ndilo kuputa mdani. La m'kati anati analiyamba Zhang Sanfeng, munthu wa chipembedzo cha Chitao wa ku phiri la Wudang, ndipo limagonjetsa woputayo mwa kudekha. Nkhani ya Zhang Sanfeng inafala, ena nawonjezerapo kuti iye anatulukira lusoli poonerera mbalame ndi njoka zilikulimbana. Nthanoyo ndi yokoma, koma ofufuza mbiri sanapeze umboni wakuti maluso atatu a lerowa anachokeradi kwa iye. Ena mwa iwo amakumbutsa kuti Huang anali wokhulupirika kwa mafumu a Ming, amene ufumu wawo unagwa mu 1644, anthu a mtundu wa Manchu a kumpoto nalowa m'malo mwawo. Potero, poyamikira luso la Chitao, chimene ndi chipembedzo cha m'dziko momwemo, ndi kuchepetsa la Chibuda, chimene chinachokera ku India, mwina anali kuphiphiritsa za eni dziko ndi alendo owalamulira, pakuti wolemba wa m'nthawi zoopsa salankhula mwachindunji.

Kusonkhanitsa maluso atatuwa pansi pa dzina limodzi kunadza mochedwa. Amene anakulimbikitsa koposa ndiye Sun Lutang, wobadwa mu 1860 ndi kumwalira mu 1933. Iyeyu anawaphunzira onse atatu, nasindikiza buku la xingyiquan mu 1915 ndi ena pambuyo pake, m'mene anaphunzitsa kuti onsewo ali ndi muzu umodzi. Sukulu ya boma ya maluso omenyera itatsegulidwa ku Nanjing mu 1928, poyamba inagawidwa m'zigawo ziwiri, cha Shaolin ndi cha Wudang, ndipo kugawa kumeneko kunakhazikika m'maganizo a anthu kufikira lero.

Maluso atatuwo

Mbiri yodalirika ya taijiquan imaloza ku Chenjiagou, mudzi wa banja la Chen m'chigawo cha Henan. Wofufuza mbiri wina, Tang Hao, anapita kumeneko kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, nasanthula zolembedwa za banjalo, ndipo anagamula kuti woyambitsa lusolo ndiye Chen Wangting, msilikali wa m'zaka za m'ma 1600. Mayina ambiri a mayendedwe ake amafanana ndi a m'buku la Qi Jiguang, kazembe wa nkhondo amene anamwalira mu 1588, yemwe analemba maimidwe 32 ophunzitsira asilikali. Ndiye kuti masewera ofatsa a nkhalamba zija kholo lake ndi bwalo la asilikali. Lusoli linakhala la m'banja kufikira pamene Chen Changxing anaphunzitsa munthu wa kunja, Yang Luchan, amene anakaliphunzitsa ku Beijing namwalira mu 1872. Mdzukulu wa Yang Luchan, Yang Chengfu, amene anamwalira mu 1936, ndiye anachotsa kulumpha ndi kuponda pansi mwamphamvu, nasiya mayendedwe aakulu, osalala ndi ofatsa amene afala pa dziko lonse. Mabanja odziwika a lusoli ndi asanu: Chen, Yang, Sun, ndi awiri ena amene mayina awo onse amalembedwa Wu.

Xingyiquan sioneka yofatsa ndi pang'ono pomwe. Mwambo wake umati anaiyamba Ji Jike wa ku Shanxi, katswiri wa mkondo, ndipo woiona akhoza kuvomereza, pakuti womenyayo amalowa molunjika monga mkondo, phazi ndi chibakera zikufikira pamodzi. Maziko ake ndi nkhonya zisanu, iliyonse yoyerekezedwa ndi chimodzi cha zinthu zisanu zimene nzeru zakale za ku China zimafotokozera nazo chilengedwe. Ya chitsulo imatema ngati nkhwangwa. Ya madzi imaboola chokwera ngati kasupe. Ya mtengo imalasa ngati muvi. Ya moto imaphulika ngati mzinga. Ya dothi imapingasa. Pamwamba pa izi pali mayendedwe a nyama khumi ndi ziwiri, monga kavalo, tambala, njoka, namzeze, chiwombankhanga ndi chimbalangondo.

Baguazhang ndiyo chitsiriza. Woiphunzitsa woyamba wodziwika ndiye Dong Haichuan, amene anamwalira ku Beijing mu 1882. Wophunzira amayenda mozungulira malo amodzi, maso ndi zikhato zotambasula zili kuloza pakati, nasintha njira mwadzidzidzi, kuti azolowere kuzemba mdani ndi kumutulukira m'mbali kapena kumbuyo. Dzina lake linatengedwa ku zizindikiro zisanu ndi zitatu za m'buku lakale lotchedwa Yijing. Ophunzira ambiri a Dong anadza kwa iye atadziwa kale maluso ena, chifukwa chake nthambi zake zimasiyana: ya Cheng Tinghua, amene anali wogulitsa magalasi a maso ndi wodziwa kulimbana, ili ndi kugwetsa kwambiri, pamene ya Yin Fu imakonda kulasa ndi zala.

Chogwirizanitsa maluso osiyana chotere

Wina ayenda mofatsa, wina molunjika, wina mozungulira. Nanga chowapanga banja limodzi n'chiyani? Si maonekedwe a kunja ayi, koma kumene mphamvu imachokera.

Aphunzitsi a malusowa amasiyanitsa mphamvu ziwiri. Ina amaitcha li, ndiyo mphamvu ya chiwalo chimodzi, ya mkono kapena ya phewa, imene munthu aliyense amabadwa nayo. Inayo amaitcha jin, ndiyo mphamvu yophunzitsidwa, imene imayambira ku mapazi, nikwera ndi miyendo, niwongoleredwa ndi chiuno, nitulukira m'manja. Wofuna kumvetsa kusiyana kwake angoima pa mtondo. Kamtsikana kongophunzira kusinja kamanyamula munsi ndi manja okha, mapewa ali gwa, ndipo posachedwa katopa chimanga chisanakonoke. Mayi wozolowera sagwira munsi molimba chotero. Mawondo, chiuno ndi msana zimagwirira ntchito pamodzi, munsi nugwa ndi kulemera kwa thupi lonse, ndipo iye akhoza kusinja nthawi yaitali akucheza ndi mnzake. Mayiyo sanamvepo mawu akuti jin, koma chinthucho ali nacho.

Kuti mphamvu iyende chotero, thupi liyenera kumasuka, ndipo kumasuka kumeneku, kumene amakutcha song, ndiko phunziro loyamba ndi lovuta koposa onse. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Pa mfundo iliyonse ya thupi pali minyewa yopinda ndi ina yowongola. Munthu akaumitsa mkono, minyewa yonse iwiriyo imakoka nthawi imodzi nilimbana yokhayokha, kotero kuti iye amadzimva wamphamvu pamene mkono wake uli wochedwa ndi wolemera. Komabe kumasuka si kulobodoka ngati nsanza yonyowa. Kuli ngati chingwe cha uta, chimene chili chofewa koma chokungika, ndipo chikakhudzidwa ku nsonga imodzi, nsonga inayo imamva.

Kaimidwe nakonso kali ndi malamulo ake. Mutu ukhale ngati wapachikidwa ndi ulusi pa liwombo, mapewa agwe, zigongono ziloze pansi, chifuwa chisatukumuke, mawondo apindike pang'ono, ndipo mpweya utsikire ku mimba, pa malo a m'munsi mwa mchombo amene amawatcha dantian. Mphunzitsi amene anazolowera kuimitsa ana pa perete, chifuwa patsogolo, mapewa m'mbuyo ndi mawondo owuma, adzaona kuti apa zonse zatembenuka. Chofanana nacho kwenikweni ndi kaimidwe ka mkazi wosenza mtsuko wodzala madzi. Iye sangaweramitse khosi, sangaumitsenso msana. Katunduyo amatsika mowongoka ndi mafupa kufikira pansi, minyewa nitsala ndi ntchito yochepa. A xingyiquan amawonjezerapo kuti ziwalo ziyendere limodzi ziwiriziwiri, phewa ndi chiuno, chigongono ndi bondo, dzanja ndi phazi, kuti pasakhale chiwalo chotsogola chokha kapena chotsalira.

Lamulo lotsatira ndilo limene taijiquan inatengerako dzina, pakuti taiji ndi kusinthana kwa yin ndi yang, mthunzi ndi kuwala, chopanda kanthu ndi chodzala. Pa thupi, izi zitanthauza kuti mwendo umodzi usenze thupi, winawo ukhale wopepuka ndi wokonzeka kusuntha. Pa ndewu zitanthauza kuti mphamvu isakumane ndi mphamvu. Atonde awiri akagundana mitu, wamkulu ndiye amapambana, ndipo luso lilibe malo pamenepo. Tsono wa nkhonya za m'kati akakankhidwa pa phewa la kumanja, amalola phewalo kubwerera m'mbuyo potembenuza chiuno, ndipo kutembenuka komweko kumabweretsa phewa la kumanzere patsogolo. Wokankhayo amakhala ngati munthu amene wagunda chitseko ndi mphamvu zake zonse poyesa kuti n'chokiya, pamene chinali chongotseka. Amadzandira yekha, ndipo pa kamphindi kameneko mphamvu yochepa ikwanira kumugwetsa. Apa ndi pamene pagona chiyembekezo chonse cha malusowa, chakuti wochepa thupi kapena wokalamba akhoza kulaka wamkulu.

Patsala mawu amene amasokoneza ambiri, ndiwo akuti qi. M'Chitchaina mawuwa amatanthauza mpweya, nthunzi, ndiponso mphamvu ya moyo imene asing'anga a kumeneko amati imayenda m'thupi. Aphunzitsi amati maganizo atsogole, qi itsate maganizo, ndipo mphamvu itsate qi. Monga chilankhulo chophunzitsira, mawuwa ndi othandiza, pakuti wophunzira akauzidwa kuti atsitsire qi ku dantian amagwetsa mapewa napuma ndi mimba, ndipo zimenezo n'zimene zimafunika. Koma palibe chipangizo cha sayansi chimene chinayezapo qi monga chinthu pachokha, ndipo amene amadzitama kuti akhoza kugwetsa munthu osamukhudza amangogwetsa ophunzira awo okha.

Kaphunziridwe kake

Kale wophunzira sankayamba ndi kumenya, koma ndi kuima. Kuima kumeneku amakutcha zhan zhuang, ndiko kuima ngati mzati. Munthu amaima mawondo opindika pang'ono, manja ali ngati akumbatira thunthu la mtengo, osasuntha, poyamba mphindi zochepa, pambuyo pake theka la ola kapena kupitirira. Woonerera amayesa kuti palibe chilikuchitika. Woimayo amadziwa zina. Posachedwa mapewa amayamba kuwotcha, ntchafu kunjenjemera, thukuta kutsika. Ndipo popeza saloledwa kusuntha, njira imodzi yokha yopulumukira ululuwo ndiyo kufunafuna mnyewa umene ulikugwira ntchito yosafunika ndi kuumasula. Motero thupi limadziphunzitsa lokha chimene mawu sakanatha kuliphunzitsa. A xingyiquan ali ndi kaimidwe kawo kotchedwa santi, m'mene thupi limatsamira kwambiri pa mwendo wa m'mbuyo. Ndipo Wang Xiangzhai, amene anamwalira mu 1963, anakhulupirira kuima kotero kuti anataya mndandanda wa mayendedwe, nakhazikitsa luso lake la yiquan pa kuima komweko.

Gawo lachiwiri ndilo mndandanda wa mayendedwe oloweza pa mtima, umene mlendo uja anauona m'bwalo. Wautali wa banja la Yang umatenga mphindi makumi awiri kapena kuposerapo. Chifukwa chochitira mofatsa n'chakuti liwiro limabisa zolakwa. Munthu woyenda msanga amangodzigwetsera pa phazi la kutsogolo osadziwa kuti wagwa. Koma woyenda mofatsa ayenera kuima pa mwendo umodzi kufikira phazi linalo litafika pansi lopepuka, kotero kuti atafuna akhoza kulibweza, monga achitira bilimankhwe pa nthambi. Pamenepo kudzandira kulikonse kumaonekera, kwa mphunzitsi ndi kwa wophunzira yemwe. Aliyense amene anaphunzitsapo mwana kulemba amadziwa kuti dzanja lothamanga lisanadziwe maumbidwe a chilembo limangokhazikitsa cholakwa. A banja la Chen amasakaniza kufatsako ndi kuphulika kwadzidzidzi, ndipo amaphunzitsa kuti manja ndi miyendo zizipota monga ulusi wa silika pousolola, mosalekeza ndi mosadukiza.

Gawo lachitatu, limene ambiri safikako, ndilo tuishou, kukankhana manja. Anthu awiri amaima moyang'anana, manja atakhudzana, nayamba kuzunguza mikono, wina akukankha, mnzake akupatutsa, kenaka nasinthana. M'menemo amaphunzira njira zinayi zazikulu: kutchinga mokhuta ngati mpira wopopedwa, kupatutsira mphamvu ya mnzako m'mbali, kupanikiza, ndi kukankha. Zina zinayi ndizo kukokera pansi, kung'amba, kugunda ndi chigongono ndi kugunda ndi phewa; ndipo pamodzi ndi mayendedwe asanu a mapazi zimakwana khumi ndi zitatu, zimene zili mafupa a taijiquan yonse. Koma phindu lenileni la masewerawa ndi chimene amachitcha kumvetsera. Kumvetseraku si kwa makutu, koma kwa khungu. Munthu asanakankhe, thupi lake limayamba laumirira penapake, ndipo dzanja lomasuka limamva zimenezo maso asanaone kanthu. Dzanja lowuma silimva, monga munthu wolongolola samva mnzake. Chifukwa chake wophunzira watsopano amalangizidwa kuvomera kugonja kambirimbiri, pakuti wofuna kupambana tsiku loyamba amabwerera ku mphamvu ya mapewa, nataya zonse zimene anadzera. Kuthamanga sikufika ayi. Zimenezi zimatenga zaka. Pambuyo pake ndi pamene pamadza zida, lupanga, ndodo yaitali ndi mkondo, ndiponso kumenyana kosapangana.

Muyeso wa masiku ano

Mu 1956 bungwe la boma la China loyang'anira masewera linafupikitsa taijiquan ya banja la Yang, niikonza m'mayendedwe 24 otha pafupifupi mphindi zisanu ndi imodzi, kuti anthu wamba azilimbitsira thupi. Imeneyi ndiyo inafalikira m'masukulu, m'mafakitale ndi m'mabwalo, ndipo mu December 2020 bungwe la UNESCO linaika taijiquan pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Koma kufalako kunali ndi mtengo wake. Anthu ochuluka anaphunzira mndandanda wokha, osaima ngati mzati, osakhudzana manja ndi wina aliyense, ndipo ena mwa iwo anafika podzitcha akatswiri.

Mu April 2017, mu mzinda wa Chengdu, mmodzi wa otere, Wei Lei, anavomera kukumana ndi Xu Xiaodong, mphunzitsi wa nkhonya zosakaniza za masiku ano. Mphindi imodzi isanathe Wei anali pansi, manja ataphimba mutu. Kanema wa ndewuyo anafala pa intaneti, ndipo anthu ambiri a ku China anakwiyira Xu ponena kuti wanyoza mwambo wa makolo. Zoona zake n'zakuti ndewu imodzi singatsutse luso lonse, komanso phunziro lake silingabisike. Makolo amene ankatetezedwawo sanali ovina. Akatswiri ambiri a xingyiquan ankapeza chakudya poperekeza katundu wa amalonda m'njira za achifwamba, ndipo anazolowera kumenya ndi kumenyedwa. Kukankhana manja kumayamba anthu atakhudzana kale, mwaulemu. Chibakera chochokera patali, cha munthu amene sakufuna kugwirizana nawe, ndi nkhani ina, ndipo wosachizolowera amauma thupi ndi mantha, kumasuka kwa zaka makumi awiri nikuthawa m'kuphethira kwa diso.

Ku mbali ya umoyo umboni ndi wolimba, ngakhale kuti suli pa zozizwitsa zimene ena amalonjeza. Mu 1996 ofufuza a pa yunivesite ya Emory ku Atlanta, motsogozedwa ndi Steven Wolf, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu 200 a zaka 70 ndi kupitirira. Amene anaphunzira taijiquan kwa milungu 15 anachepetsa ngozi ya kugwagwa ndi pafupifupi theka. Mu 2012 Fuzhong Li ndi anzake a ku Oregon anasindikiza zotsatira za odwala 195 a nthenda ya Parkinson, imene imanjenjemeretsa thupi ndi kuumitsa miyendo. Amene anachita taijiquan kawiri pa mlungu kwa milungu 24 anaima mokhazikika kuposa amene ankanyamula zolemera kapena kungowongola minyewa, ndipo anagwa kochepa kuposa a gulu lowongola minyewalo. Ichi si chinthu chaching'ono, pakuti nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno kawirikawiri siyendanso monga kale, ndipo dzedzeredzedzere salingana ndi kugweratu. Chimene odwalawo ankachita ndi chomwe chija cha bilimankhwe: kusamutsira thupi lonse pa mwendo umodzi, kukweza winawo wopepuka, kuuika pansi chidendene choyamba, ndi kutembenuka ndi chiuno mutu uli chilili. Msilikali wa ku Chenjiagou anazikonza zimenezi kuti mdani asamugwetse. Nkhalamba ya lero imazifuna potsika pa khonde usiku, kapena powoloka ngalande pa thabwa loterera mvula itagwa.